Mano Okana Kuchoka M'kamwa

"Sindisaina," anatero mayiwo. "Ngakhale mubwere ndi cholembera chagolide, sindisaina."

Sajenti anali asanakhale n'komwe pansi. Anaima pakhomo la kachipinda kakumbuyo kwa kiliniki ya mano, chipewa chili m'manja, akuyang'ana munthu amene anatumidwa kuti adzamumange. Anali mayi aafupi, a imvi za apa ndi apo, atavala epuloni, manja awo ali mbuu ndi pulasitala mpaka m'zigongono. Kiliniki yonse inkawatchula kuti Mayi Pulasitala. Ntchito yawo inali youmba mano oikirira. Pamashelefu onse panali nsagwada za pulasitala, iliyonse ndi nambala yake, zonse zili yasa ngati zikuseka mlendo.

"Sindinakupatseni chilichonse choti musaine, mayi."

"Inu ayi. Adokotala awo." Analoza ndi chibwano kukhoma, kumene kunkalira makina obowolera mano. "Kalata ndi iyo. Akuti ndivomere kuti ndinatenga, ndisiye ntchito mwakachetechete, nkhani ithere pomwepo. Ndikakana, akuti mundinyamula inuyo dzuwa lisanalowe. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala pa benchi iyi. Ndiye ndinyamuleni. Koma dzina langa sindilisiya papepala la munthu."

Nkhaniyo Sajenti anali ataimva kale kusiteshoni. Lolemba m'mawa, dokotala wamkulu, mwini wake wa kilinikiyo, anatsegula kabati n'kupeza kuti timisomali tinayi ta mano tasowa. Timisomaliti n'tating'ono ngati ndodo ya machesi, tachitsulo chosachita dzimbiri. Amatizika m'fupa la nsagwada, timitu take n'kutsala panja pa nkhama, ndiye mano oikirira amakhala pamenepo n'kugwira, osagwederanso munthu akamatafuna kapena kuseka. Tinayito tinachokera kunja, ndipo tinali ta mkulu wina wopuma pa ntchito yoyendetsa basi, amene anatidikira miyezi isanu ndi itatu. Loko sanathyole. Makiyi a kabatiyo analipo awiri okha: a dokotala wamkulu ndi a Mayi Pulasitala.

Tsopano linali Lachitatu. Insipekitala, amene mano ake onse ankasamalidwa pakiliniki yomweyo, anali atanena mawu ochepa: ikamakwana folo koloko, mayiyo akhale ali m'chitokosi.

"Lamlungu munali kuti?" anafunsa Sajenti.

"Kunyumba, ndikuchapa. Mboni yanga ndi mphaka. Mukufuna mukamufunse?"

"Mayi, ndikuyesa kukuthandizani."

"Ndiye siyani kufunsa za Lamlungu langa, bwerani muone ntchito."

Anakoka dirowa ya pabenchi n'kutulutsa kaenivelopu, n'kukhuthulira m'dzanja mwawo. Munagwa timphira tinayi, toyera, tobowoka pakati ngati mikanda.

"Kabati yasowa timisomali tinayi ndi tizipewa take tinayi. Tizipewato ndi timene timalowa m'mano oikirira, n'kumagwira mitu ya misomali ngati mabatani. Kuti tikhale pamalo pake, timamatidwa m'kamwa momwemo. Timasakaniza ufa wapinki uwu ndi madzi ake, timathira m'mabowo a manowo, wodwala n'kuluma. Mphindi zochepa, phalalo lauma ngati mwala. Mwamva?"

"Ndamva."

"Koma musanathire, msomali uliwonse mumauveka kamphira aka m'khosi. Mukapanda kutero, phala limayenderera kunsi kwa mutu n'kuumira komweko. Timphirati sitibwera ndi katundu. Ndimadula ndekha ndi lumo. Iti ndinadula Lachisanu, ta bambo a basi aja. Ndimatiika pathireyi, adokotala amangotola, sanafunsepo kuti timachokera kuti." Anafumbata dzanja lawo. "Ndiye tandiuzeni, a Sajenti. Ndibe misomali, ndibe zipewa, ndiiwale zimene ndinadula ndi manja anga?"

"Mwina wakubayo wakagulitsa."

"Sanagulitse. Lolemba ndinapeza botolo langa la ufa lili losatseka, kapu yosakanizira ili ndi phala louma. Ine kusiya kapu yakuda? Ndinawauza adokotala, akuti ndachita dala kuti ndiphimbe."

Sajenti anayang'ana kapuyo. Phala linaumira m'mbali mwake, kasupuni kali chiimire pakati. Anayesa kukazula. Kanakana.

"Chimenecho," anatero Mayi Pulasitala. "Mumzinda muno muli munthu amene mano ake akukana kuchoka m'kamwa. Lero n'tsiku lachitatu. Nkhama zatupa, zakudya zikuolera pansi. M'pezeni ameneyo, akuuzani amene anamugwira."

* * *

Dokotala wamkulu anamulandira ataimirira, akuvula magolovesi chala chimodzichimodzi. Anali munthu wamfupi, wadazi lowala, wolankhula mofulumira ngati woti odwala akumudikira ngakhale pamene panalibe.

"Sajenti, nkhaniyi ndi yapafupi. Makiyi ndi awiri. Ine sindingadzibere ndekha. Watsala ndani? Ine ndawachitira chifundo, ndawapatsa njira yotulukira mwaulemu. Akana okha."

"Kiyi yanu imakhala kuti?"

"Pano." Anagwedeza mulu wa makiyi m'thumba la gauni yake. Unali mulu waukulu, wolemera ngati wa woyang'anira ndende.

"Ndi Lamlungu lomwe?"

"Tsiku lililonse."

"Munapita kutchalitchi?"

"Kuyambira naini. Titaweruka tinali ndi msonkhano wa akuluakulu mpaka folo. Anthu makumi awiri angakuuzeni."

Sajenti anayang'ananso thumba lija, lomwe linali litalendewera mbali imodzi. "Mulu umenewo mu suti? Ine wanga ndi theka la umenewo, koma wanding'ambira mathalauza awiri."

Dokotalayo anayang'ana thumba lake. "Chabwino, kutchalitchi sindiutenga. Umakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. M'nyumba mwanga. Kodi mukuganiza kuti m'nyumba mwanga muli mbava?"

"Mumakhala ndi ndani?"

"Ine, mayi akunyumba, ndi mwana wanga. Ndi dokotala nayenso, amagwira ntchito chipinda chinacho."

"Amazika timisomali?"

"Ayi! Wamaliza sukulu chaka chatha chomwechi. Amazula, amamata, amatsuka. Misomali ndinamuuza kuti adikire zaka ziwiri, aziima kumbuyo kwanga n'kumaona. Manja ake sanakhwime." Anataya magolovesi m'bini. "Bwana wanu anandilonjeza folo koloko."

"Ino ndi leveni," anatero Sajenti.

* * *

Sajenti anapeza namwino m'kachipinda kowiritsira zida, akulongedza timapanisi m'mapaketi. Atangoona yunifolomu anayamba kulankhula Sajenti asanafunse.

"Ine sindinaone kanthu, a Sajenti. Lamlungu kuno sikukhala munthu, ngakhale mlonda amabwera madzulo. Ine ndimangobwera, ndimagwira ntchito, ndimapita."

"Sindifunsa zimene munaona, chemwali. Ndikufunsa zimene munakonza. Lolemba mutafika, munakonza chiyani chimene simukonza masiku onse?"

Namwinoyo anasuzumira kukhonde, n'kukankha chitseko ndi phazi. Anayamba kunong'ona.

"Mpando."

"Unatani mpando?"

"Wa m'chipinda cha adokotala aakulu. Iwo ndi aafupi, mwawaona, amagwira ntchito mpando uli pansi. Loweruka ndinausiya pansi ndekha. Lolemba ndinaupeza uli m'mwamba, nyale nayo ili uko kudenga, mpaka ndinanyanyamphira kuti ndiifikire."

"China?"

"Zida zozikira misomali. Zinali zotsuka, inde, koma zitaikidwa mobwerera, chachikulu kumanzere. Ine ndimayambira chaching'ono." Anatsitsa maso. "Ndinakonza, n'kukhala chete."

"Mayi Pulasitala angakweze mpando mpaka pamenepo?"

"Iwo aja? Akanafuna makwerero." Anaseka pang'ono, kuseka n'kuzimiririka msanga. "A Sajenti, ine ndili ndi ana atatu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Musalembe kuti ndanena ine."

"Ndilemba kuti wanena ndi mpando."

Atatuluka anakumana pakhonde ndi munthu wovala gauni yoyera. Sajenti sanali wamfupi, koma kuti amuone kumaso anachita kukweza mutu.

* * *

Dokotala wamng'ono anali ndi nkhope ya bambo ake pathupi lalitali ngati mlongoti. Anamupatsa Sajenti mpando, anamufunsa ngati angamwe madzi, anayang'ana mano ake n'kunena kuti lakumanzerelo likufuna kuonedwa. Pathebulo pake panali makadi a ukwati omangidwa ndi kaliboni.

"Loweruka likubwerali," anatero akumwetulira. "Mwaitanidwa, akulu. Tengani imodzi."

"Zikomo. Lamlungu munali kuti?"

"Kwa apongozi, kuyambira naini mpaka madzulo. Timakonza za mipando, za magalimoto, za ndani akhala pati. Mukudziwa maukwati. Kafunseni, akuuzani okha."

Foni yake inanjenjemera pathebulo. Anaitembenuza chafufumimba osaiyang'ana.

"Timisomali tija munationapo?"

"Kuona kokha. Adadi salola kuti ndigwire. Ine ntchito yanga ndi kuima kumbuyo ngati mlonda." Anaseka. "Zachisoni za amayi aja. Anandilera pano, ndili mwana ankandipatsa sera ndiziumba tiagalu. Koma mukudziwa, munthu sadziwika."

Foni inanjenjemeranso. Inayenda pang'ono pathebulo, n'kugunda makadi aja.

"Yankhani, ndidikira."

"Ndi za ukwati basi. Aliyense akufuna mkwati."

Sajenti analemba kumene apongoziwo ankakhala. Ankalemba pang'onopang'ono, monga mwa chizolowezi chake, chifukwa anaphunzira kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanamalize mzere wachiwiri, foniyo inalira kachitatu. Mnyamatayo anaigwira n'kuizimitsiratu, ndipo pagalasi la thebulo panatsala chidindo cha zala zonyowa.

* * *

Nyumba ya apongoziwo inali kumapeto kwa msewu wafumbi, ya mpanda wa njerwa wopakidwa laimu watsopano. Pabwalo panali mipando ya pulasitiki yosanjikizana. Anam'tsegulira ndi bambo a mkwatibwi, mkulu wopuma pa ntchito ya ku positi, wovala vesiti ndi thalauza la suti.

"Apolisi! Lowani, lowani. Mwamva kale kuti tidzasokosa Loweruka? Amayi, kwabwera boma!"

Amake mkwatibwi anali pasofa pabalaza, makatani atatseka. Anali mayi athupi, okhala mowongoka ngati ali pa chithunzi. Anamanga mpango kuchokera pamutu kuzungulira chibwano. Sajenti atapereka moni anangogwedeza mutu.

Anafotokoza chimene anabwerera: kungotsimikiza kuti mkamwini wawo anali pakhomopo Lamlungu.

"Anali pano," anatero mayiwo. Mawu ankatuluka milomo isakutseguka bwino. "Tsiku lonse."

"Sanachokepo?"

"Ndati tsiku lonse."

"Mwana wabwino kwambiri ameneyo," analowerera bambowo. "Waulemu. Masiku ano kupeza mkamwini woti afike m'mawa, akunyamulire apongozi ake pagalimoto..."

"Abambo," anatero mayiwo.

"Ndikungoyamikira."

"Kaoneni tiyi."

Tiyi anabwera, ndi mabisiketi. Bambowo anadya anayi. Sajenti anatenga imodzi. Mayiwo sanakhudze kanthu. Kawirikawiri dzanja lawo linkakwera kupita kutsaya, n'kubwerera panjira ngati lakumbukira kuti pali mlendo. M'chipindamo munali fungo la mankhwala otsukira m'kamwa, ndipo pansi pa fungolo panali lina, limene Sajenti ankalidziwa kuchokera m'zipatala.

"Mayi sakumwa nafe?"

"Chimfine," anatero mayiwo.

"Chimfine chanji chokana bisiketi?" anatero amuna awo. "Chiyambire Lamlungu akungomwa zamadzimadzi, ndi kasupuni. Koma ndikuuzeni, bwana, kukongola kwake! Zaka khumi ndi ziwiri mano awo apansi akhala akuvina. Paukwati wa mwana wathu woyamba anagwera m'mbale pamaso pa abusa. Ndiye anati ulendo uno sindichitanso manyazi. Pano agwira, nji! Usiku ankagona m'tambula pambali pa bedi, ine n'kumadzidzimuka ndikaona akundisekerera. Pano tambulayo yapuma pantchito ngati ine. Amagona nawo, amadzuka nawo..."

"Abambo!"

Mawuwo anatuluka pakamwa patatseguka, ndipo mayiwo anatsinzina ndi ululu. Sajenti anaona mano apansi ali ndondondo, oyera, ndipo m'munsi mwake nkhama zofiira ngati nyama yaiwisi.

Anaika kapu yake pansi.

"Mayi, ndikupempha chinthu chimodzi. Tachotsani mano anu apansiwo."

"M'kamwa mwanga mulibe mlandu."

"Mwina mulibe. Tachotsani, ndione, ndizipita."

"M'nyumba mwanga? Mwana iwe, wabwera ndi chikalata chofufuzira m'kamwa mwa munthu wamkulu? Uli ndi amako?"

"Anamwalira, mayi."

"Akanakhalapo akanakuphunzitsa." Anakonza mpango wawo. "Ndanena kuti anali pano. Lembani zimenezo. Mwana wanga akwatiwa Loweruka, ndipo palibe wapolisi, palibe dokotala, palibe satana amene aimitse zimenezo."

Sajenti sanakweze mawu. Analankhula akuyang'ana kabuku kake. "Pali mayi wina amene alowe m'chitokosi folo koloko chifukwa cha misomali inayi. Ndi amene wandiuza zimene zikuchitika m'kamwa mwanumo, asanakuoneni n'komwe. Akuti manowo anamatirira kumisomali. Akuti pansi pake sipangatsukike. Lero kutupa, mawa mafinya, kenako kutentha thupi, kenako fupa. Ine si dokotala. Koma Loweruka lanulo mukhoza kukalionera pabedi la kuchipatala."

"Bodza."

"Ndiye ndichititseni manyazi. Chotsani."

Bambo aja anali atasiya kutafuna. "Amayi," anatero motsitsa, mawu awo atasintha, "usiku uja mumalira kubafa, mumati ndi mutu."

Mayiwo anayang'ana amuna awo, anayang'ana Sajenti. Kenako anamasula mpango, mwaukali, ngati munthu wofuna kuthetsa mkangano. Tsaya lamanzere linali litatupa mpaka kukhutu. Analowetsa zala ziwiri m'kamwa n'kukoka. Anakokanso. Misozi inatsika yokha, nkhope ili gwa.

"Mkamwiniyo ndamuimbira kuyambira m'mawa," anatero potsiriza. "Sakuyankha."

Foni ya Sajenti inalira m'thumba. Anali Insipekitala. Nthawi inali itadutsa fili koloko.

"Uli kuti? Mayi uja wamutenga?"

"Ndatenga mayi, bwana, koma wina."

"Ukuti chiyani?"

"Netiweki ikuvuta, bwana," anatero Sajenti, n'kudula.

* * *

Atafika kukiliniki, dokotala wamkulu anayang'ana m'kamwa mwa asewere ake kwa nthawi yaitali. Anagwira manowo ndi zala, anayesa kuwagwedeza, analowetsa kagalasi pansi pake. Namwino anaima pambali ndi thireyi, maso ali pakhoma. Mwana wake anaima pakhomo, mutu utatsala pang'ono kugunda felemu.

"Jakisoni," anatero dokotalayo.

Panatenga theka la ola. Makina analira, fumbi lapinki linauluka, m'chipinda monse munanunkha pulasitiki yopsa. Manowo anatuluka ali zidutswa zitatu. Pansi pake panali timitu tinayi tachitsulo, titatu toongoka, kamodzi kopendekera kutsaya.

"Atatuwa akhala," anatero dokotala wamkulu, osayang'ana munthu. "Wachinayiwu tiona nkhama zikaphwa. Mwabwera nthawi yabwino, asewere. Mawa ikanakhala nkhani ina."

Amake mkwatibwi analavulira m'beseni, n'kuona zidutswa zija pathireyi. Anaphimba pakamwa ndi dzanja. Mawu awo tsopano anali ofewa, opanda m'mbali, ngati a mwana.

"Nanga Loweruka ndidzavala chiyani?"

Dokotala amadziwa kuzika ndi kudula, koma kuumba mano atsopano m'masiku awiri, oti akhale pankhama zotupa, inali ntchito ya munthu mmodzi yekha m'nyumba imeneyo. Aliyense ankadziwa zimenezi. Namwino anaika thireyi pansi, anatuluka osatumidwa, n'kubwera nawo.

Mayi Pulasitala analowa akupukuta manja pa epuloni. Anatenga chidutswa chimodzi, anachitembenuza, anakanda ndi chikhadabo phala limene linaumira kuzungulira kachipewa. Kenako anachiika pansi bwinobwino.

Dokotala wamkulu anakokera Sajenti pambali, koma chipindacho chinali chaching'ono, aliyense anamva.

"Sajenti, mwagwira ntchito yabwino. Nkhaniyi tsopano yasanduka ya m'banja. Katundu ndi wanga, wapezeka, dandaulo ndikulichotsa. Bwana wanu ndimuimbira ndekha."

"Dandaulo ndi lanu, mukhoza kuchotsa," anatero Sajenti. "Koma m'buku mwathu mwalembedwa dzina la munthu. Kuti ndilifufute ndikufuna wina anene zimene zinachitika."

"Tingonena kuti panali kusamvana."

"Sipanali kusamvana," anatero Mayi Pulasitala. "Tinamvana bwinobwino. Munati ndine mbava, ine ndinamva."

"Mayi, chonde. Onani mmene alili asewere anga. Athandizeni kaye, zinazo tikamba."

"Ululu mwawachotsa kale. Chatsala ndi manyazi, ndipo manyazi sapha, ndawasenza masiku atatu ine ndili moyo." Anatembenukira kukhomo. "Adokotala aang'ono. Ndinakusambitsani m'manja pa sinki yanga muli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lolemba munangoima chonchi bambo anu akundikhuthulira chikwama pansi. Munatola lipisitiki yanga n'kundipatsa. Lero mulibe mawu?"

Mnyamatayo anayang'ana bambo ake. Bambo akewo anapukusa mutu pang'ono, kumuletsa. Anayang'ana apongozi ake, amene anali chiphimbire pakamwa.

"Lankhula," anatero apongoziwo kuseri kwa dzanja. "Ine ndanama chifukwa cha iwe pamaso pa boma, iwe foni osayankha. Lankhula, apo ayi Loweruka ukwatira mipando."

Analankhula. Anatenga makiyi pamsomali bambo ake atapita kutchalitchi. Anakatenga apongozi pagalimoto, anawauza kuti bambo akudziwa. Ankafuna kuwapatsa mphatso imene mkamwini wina aliyense sakanatha, ndiponso kuonetsa bambo ake kuti manja ake anakhwima. Anaona ntchitoyo ikuchitika kakhumi, ankaganiza kuti waidziwa yonse. Phala litauma anakoka, manowo osatuluka, anawauza apongozi kuti ndi mmene zimakhalira sabata yoyamba. Lolemba ankati aulula. Atamva bambo ake akutchula Mayi Pulasitala, anati aulula Lachiwiri. Lachiwiri anati ukwati ukatha.

Sajenti analemba zonse, pang'onopang'ono, n'kumupatsa cholembera. Mnyamatayo anasaina atatsamira khoma.

Dokotala wamkulu anakhala pa kampando kake kozungulira. Anaoneka wamfupi kuposa kale. "Nkhuyu zodya mwana," anatero, osamaliza.

"Mwana anadya zake," anatero Mayi Pulasitala. "Inu munadya zanu. Ndinakuonetsani kapu, ndinakuonetsani timphira. Simunafune kuona chifukwa munkadziwa kumene maso anu akathere."

Anayandikira mpando wa wodwala. "Tachotsani dzanjalo, mayi, ndaona m'kamwa moposa umo. Yasamulani." Anayang'ana, mutu utapendekera. "Mawa m'mawa ndidzakuyezani. Lachisanu madzulo mudzayesa. Adzakhala ofewa mkati, osagwira misomali mpaka mutapola, ndiye paukwatipo nyama muzidzangoiyang'ana. Koma kuseka mudzaseka, sadzagwa." Anatembenuka. "Bambo a basi aja akauzidwe chifukwa chake adikirenso. Osati pafoni, osati ndi namwino. Apite amene anatenga, akagogode yekha."

"Apita," anatero dokotala wamkulu. Anaimirira, anakonza gauni yake. "Mayi, ndalakwa. Pepani."

"Osati muno."

"Mwati bwanji?"

"Muno muli anthu asanu ndi mmodzi, onse akudziwa kale. Lolemba simunandinenere muno. Munandinenera kolandirira odwala, mabenchi atadzaza. M'menemo munali mayi wa kutchalitchi kwathu, munali mphunzitsi wa mdzukulu wanga. Pofika madzulo msewu wathu wonse unali utamva. Panopa mabenchi adzazanso, ndaona ndikubwera."

"Mayi, ndine mwini wake wa malo ano."

"N'chifukwa chake akukhulupirirani."

Dokotalayo anayang'ana Sajenti ngati wapolisi angamupulumutse. Sajenti anali akutseka kabuku kake, akukaika m'thumba, akumanga batani la thumbalo mosamala kwambiri.

Dokotala wamkulu anatuluka. Mapazi ake anamveka pakhonde, kenako chitseko cha kolandirira odwala chinalira. Phokoso la anthu linatsika. Mawu ake anayamba, otsika, othamanga, omezedwa theka.

Mayi Pulasitala anatola zidutswa zitatu zija n'kuziika m'thumba la epuloni. Anapita pakhomo, anakankhira dokotala wamng'ono pambali ndi chigongono, n'kutulutsa mutu kukhonde.

"Kwezani mawu, adokotala," anaitana. "Kuno sitikumva."